Ndemanga: mafizo a minofu ya pansi pa chiuno kwa amayi odontha mkodzo

Ndikupereka nyenyezi 4 mwa 5. Thandizo limeneli ndinalilandira pachipatala cholipira, ndipo ndi la amayi amene mkodzo umawapulumuka akatsokomola, akayetsemula, akaseka kapena akamatukula ndowa, makamaka pambuyo pobereka. Ndalama yake siipita pachabe, koma mudziwiretu chimene mukulipira. Masewera akewo ngakhale mzamba akhoza kukufotokozerani kusikelo. Chamtengo wapatali apa n'chakuti pali munthu wokupimani n'kukuuzani ngati mukukokadi minofu yoyenera, chifukwa amayi ambiri akangouzidwa pakamwa amachita zosiyana ndi zofunikazo.

Minofu imeneyi inayala kuchokera pafupa la pachinena kukafika pakafupa kakumapeto kwa msana. Imanyamula chikhodzodzo, chiberekero ndi thumbo la chimbudzi monga momwe chitenje chimagwirira mwana kumbuyo: chikakhwefuka, mwana amatsetsereka. Kukhala ndi pakati, kubereka, chifuwa chokhalitsa, kudzimbidwa, kunenepa ndi kusiya kusamba, zonsezi zimaifooketsa.

Tsiku loyamba ndilo lalitali. Dokotala wa mafizo amafunsa za ana amene munabereka, ngati munang'ambika kapena kusokedwa, mmene mumapitira kuchimbudzi, ndiponso ngati mumamva kuwawa mukakhala malo amodzi ndi abambo. Musabise kanthu. Amakupatsani pepala loti kwa masiku 3 muzilembapo zimene mwamwa, nthawi imene mwakodza, kuchuluka kwa mkodzo, ndi chimene mumachita pamene munadontha. Pepala ili musalinyoze, chifukwa ndilo limasiyanitsa kudontha kobwera ndi chifuwa ndi kudontha kobwera ndi chikhodzodzo chosachedwa kukuthamangitsani, ndipo thandizo la ziwirizi ndi losiyana. Amafunanso kuti mkodzo uyezedwe kaye, poti matenda a m'njira ya mkodzo nawo amadonthetsa ndipo amachira ndi mankhwala, osati masewera.

Kenako kupima. Amapempha chilolezo, ndipo muli ndi ufulu wokana kapena wopempha dokotala wamkazi. Mumagona chagada, mawondo opinda, mwafunda nsalu. Amayamba kuona kunja, n'kukuuzani mutsokomole kuti aone ngati mkodzo ukutuluka kapena ngati pali chimene chikutsika. Akatero amavala golovesi, amapaka mafuta otereretsa, n'kulowetsa chala chimodzi m'njira ya abambo. Amati finyani ndi kukokera m'mwamba. Mphamvu yanu amaipatsa nambala kuyambira 0 mpaka 5, amawerenga masekondi amene mungagwire, komanso kangati musanatope. Amaonanso ngati minofuyo ikumasuka yonse mukasiya. Sizitenga nthawi, ndipo siziyenera kupweteka. Zikapweteka nenani pomwepo, chifukwa ululuwo nawo ndi uthenga kwa iye.

Apa ndi pamene zolakwika zimaonekera. Ena amatchimira pansi ngati akubereka, m'malo mokokera m'kati, ndipo akapitiriza choncho kunyumba vuto limakula. Ena amalimbitsa matako ndi ntchafu, ena amabweza mimba mwamphamvu, ena amagwira mpweya mpaka nkhope kulimba. Kakokedwe koyenera n'kofanana ndi pamene mukuletsa mpweya woipa kutuluka, kenako n'kupititsa kukokako kutsogolo ngati mukuletsanso mkodzo, uku mukupuma bwinobwino. Wokuyang'anani asamaone chilichonse chikugwedezeka. Chinanso chimene dokotala analetsa motsindika, ndipo ndikugwirizana naye, ndicho chizolowezi chodula mkodzo pakati pokodza n'kumati ndi masewera. Zimasokoneza chikhodzodzo, n'kumasiya mkodzo wotsalira m'kati.

Ndondomeko ya kunyumba amaikonza molingana ndi nambala zanu. Ngati mumagwira masekondi 3 okha, mumayambira pamenepo, n'kupumula masekondi ofanana kapena ochulukirapo musanakokenso. Cholinga n'kufika masekondi 10, maulendo 8 mpaka 10, n'kuwonjezapo kukoka kwachangu maulendo 10, ndipo zonsezi katatu patsiku. Mumayamba mutagona, kenako mutakhala, pomaliza mutaimirira, poti poimirira m'pamene minofu imanyamula katundu wambiri. Kupumula pakati musakudumphe. Minofu yotopa siilimba, ndipo mukaichulutsira ntchito mudzadontha kwambiri madzulo. Pamafunika miyezi 3 yosadukiza musanaweruze, ndipo kwa amene chiberekero chinatsika pang'ono, masabata 16. Masewerawa anatchuka ndi dokotala wa ku America, Arnold Kegel, mu 1948, n'chifukwa chake pa intaneti mudzawapeza ndi dzina lakelo.

Chimene chimathandiza msanga koposa n'chaching'ono kwambiri: kufinya minofuyo musanatsokomole, musanayetsemule kapena musananyamule, n'kugwira mpaka mutamaliza. Ndowa ya malita 20 ndi makilogalamu 20, ndipo nthawi yoopsa ndi pamene mukuichotsa pansi kuti muisenze. Pindani mawondo, finyani kaye, tulutsani mpweya pamene mukutukula. Ngati mwangobereka kumene, pemphani wokutwikani kapena tungani theka. Ndinakonda kuti dokotala analankhula za ntchito zenizeni zapakhomo, osati kungoti musamanyamule zolemera, mawu amene mayi wa pakhomo sangawatsate.

Analankhulanso za kuchimbudzi. Kutchima tsiku ndi tsiku kumagwetsa zonse zimene mwamanga. Idyani ndiwo zamasamba, nyemba, zipatso ndi nsima ya mgaiwa. Kunjuta pachimbudzi chokumba n'kakhalidwe kabwino kale. Pachimbudzi chamadzi ikani kampando pansi pa mapazi kuti mawondo apitirire chiuno. Madzi musawachepetse poopa kudontha, chifukwa mkodzo wofiira umayabwa chikhodzodzo n'kumakuthamangitsani kawirikawiri. Imwani lita imodzi ndi theka kapena malita 2 patsiku, koma muchepetse tiyi, khofi, mowa ndi zakumwa za gasi. Amene vuto lawo ndi kuthamangira kukakodza amaphunzitsidwa kutalikitsa nthawi pang'onopang'ono, kwa masabata osachepera 6.

Si aliyense amafunika kulimbitsa. Pali amayi amene minofu yawo ndi yokungika kale, amamva kuwawa pogonana, mkodzo umachedwa kuyamba, chimbudzi chimavuta. Amenewa akamafinya amawonjezera ululu. Iwo amaphunzira kupumira m'mimba ndi kumasula minofuyo. Ichi n'chifukwa china chachikulu chopimitsira musanayambe kutsatira mavidiyo a pafoni.

Ndipo amayi anzanga, ngati mkodzo ukungotuluka usana ndi usiku osalekeza, makamaka mutabereka movutika kwa nthawi yaitali, imeneyo ikhoza kukhala fistula, bowo pakati pa chikhodzodzo ndi njira ya abambo. Mafizo satseka bowo, pamafunika opareshoni, ndipo ku Bwaila ku Lilongwe kuli malo othandizira amayi otere. Magazi m'mkodzo, kutentha thupi, kulephereratu kukodza, kapena dzanzi kumaliseche ndi m'matako pamodzi ndi msana wopweteka, zimenezi n'zothamangira nazo kuchipatala tsiku lomwelo.

Nyenyezi imodzi ndachotsa pa zifukwa izi. Malo opimira anali otchingidwa ndi katani yokha, ndipo mawu amamveka kunja. Nkhani ngati izi zimafuna chitseko. Pepala la malangizo linali m'Chingelezi chokha, lopanda zithunzi zomveka. Maulendo obwereza amakhala afupi, ndipo ngati simupempha kuti akupimeninso, akhoza kungokufunsani mmene zikuyendera n'kukutulutsani. Pemphani, chifukwa kupimako n'kumene munalipirira. Makina a magetsi amene amalowetsa kachitsulo kogwedeza minofu nawo amawatamanda mopitirira. Ndi othandiza kwa mayi amene sangathe n'komwe kukoka yekha, koma kwa amene akukoka bwino sawonjezera zambiri, ndipo mayi woyembekezera kapena wokhala ndi kachipangizo kothandiza mtima kugunda sayenera kuwagwiritsa ntchito.

Amene mwangobereka, kupima kwa m'kati kumadikira mpaka masabata 6 atakwana ndipo mabala apola, koma kufinya pang'onopang'ono mukhoza kuyamba msanga ngati sikukupweteka. Popita tengani buku lanu la kuchipatala, mankhwala onse amene mukumwa, chitenje chofunda, ndi pepala ngati lija la masiku 3 mutalilemba kale nokha kunyumba, kuti nthawi yanu ndi dokotala ithere pa kupima.