Ndege kapena basi: ulendo wa ku Johannesburg kwa wokathandizira maphunziro a kampani

Makampani ambiri a kuno kwathu, makamaka mabanki, makampani a inshuwalansi ndi ogulitsa makina, ali ndi malikulu kapena anzawo ochita nawo malonda ku South Africa, choncho si zachilendo kuti wogwira ntchito atumidwe ku Johannesburg kukathandizira maphunziro a masiku atatu kapena asanu. Munthu amene ndikumunena pano si wophunzira amene amangofika ndi cholembera n'kukhala pampando. Ndi uja amene amanyamula laputopu, pulojekita, zingwe ndi mabuku a ophunzira, ndipo ayenera kulowa m'chipinda chophunzirira kutatsala tsiku limodzi kuti ayese intaneti, aike mapulogalamu m'makompyuta ndi kuonetsetsa kuti mphunzitsi akadzaima kutsogolo Lolemba m'mawa zonse zidzakhale zili m'malo mwake. Wophunzira mmodzi akachedwa, maphunziro amapitirira. Wothandizirayu akachedwa, anthu makumi atatu amangokhala n'kumayang'ana khoma, uku kampani ikulipira chipinda, chakudya ndi malo awo ogona. Njira zimene ofesi ya zachuma imaika patebulo zimakhala zitatu, ndipo ndi bwino kuziyeza ndi muyeso umenewu osati ndi mtengo wa tikiti wokha.

Njira yoyamba ndi ndege yopita mwachindunji. Malawi Airlines, imene boma la Malawi lili ndi magawo 51 pa 100 alionse pamene Ethiopian Airlines ili ndi 49, imanyamuka pa bwalo la Kamuzu ku Lilongwe ndi la ku Chileka ku Blantyre n'kukatera pa bwalo la O.R. Tambo ku Johannesburg, ndipo Airlink ya ku South Africa imayendanso m'njira yomweyi. Kuchokera ku Lilongwe ulendo umatenga maola awiri ndi theka kapena kuchepera pang'ono, kuchokera ku Blantyre maola awiri okha. Nthawi ya ku Malawi ndi ya ku South Africa ndi imodzimodzi, choncho palibe zosintha wotchi kapena kulimbana ndi tulo. Mukatuluka pabwalo, sitima ya Gautrain imakufikitsani ku Sandton, kumene kuli malikulu a makampani ambiri, m'mphindi pafupifupi 15. Wonyamuka Loweruka amakhala ndi Lamulungu lonse lokonzera chipinda, ndipo ngati chingwe china chasowa amakhala ndi mpata wokachigula m'sitolo. Vuto la njirayi ndi mtengo, umene umawerengedwa potengera dola ya ku America, moti kwacha itagwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023 matikiti anakwera nthawi yomweyo. Vuto lina ndi loti ndege za njirayi n'zochepa, ndiye imodzi ikalephereka simungayembekeze kuti ina ibwera patatha ola limodzi. Ichi n'chifukwa chake tikiti ya Lamulungu madzulo, ngakhale imapulumutsa ndalama za usiku umodzi ku hotelo, siyenera munthu amene maphunziro onse akudalira katundu wake.

Njira yachiwiri ndi ndege yodzera ku Addis Ababa kapena ku Nairobi, imene nthawi zina imaoneka yotsikirapo mtengo pa intaneti, kapena imatsala yokha malo akatha m'ndege zachindunji. Pa njira zitatuzi, iyi ndiyo sindiilimbikitsa. Mumayamba mwapita kumpoto maola pafupifupi anayi kukafika ku Addis Ababa, mumadikira, kenako mumabwerera kumwera maola oposa asanu, kudutsanso kufupi ndi kumene munachokera. Kudzera ku Nairobi n'kwafupiko, komabe tsiku lathunthu limathera m'njira. Katundu wopita pansi pa ndege amasinthitsidwa ndege, ndipo apa mpamene masutikesi amatsalira. Palinso nkhani ya katemera: Ethiopia ndi Kenya ali pa mndandanda wa mayiko amene kumapezeka matenda a yellow fever, ndipo South Africa imafuna chiphaso cha katemera kwa munthu amene wakhala maola oposa 12 pa bwalo la ndege la dziko lotere, ngakhale anali wongodutsa. Malawi sili pa mndandandawo, choncho ambiri a ife tilibe kabuku kachikasu kaja, ndipo ndege yolumikizira ikangochedwa, maola 12 aja amakwana munthu asakuyembekezera.

Njira yachitatu ndi basi, imene Amalawi ambiri opita ku Joni amaidziwa bwino kuposa ndege. Kuchokera ku Blantyre basi imatulukira pa chipata cha Mwanza n'kulowa m'Mozambique pa Zobue, imawoloka Zambezi ku Tete, imatulukira pa Cuchamano n'kulowa m'Zimbabwe pa Nyamapanda, imadutsa ku Harare ndi ku Masvingo mpaka pa Beitbridge, kenako ku Musina ndi ku Polokwane mumsewu wa N1 mpaka ku Johannesburg. Zochokera ku Lilongwe zambiri zimatulukira ku Dedza n'kukakumana ndi msewu womwewo ku Tete. Mtunda wake umaposa makilomita 1,700, ndipo ulendo sulephera kupyola tsiku lathunthu ndi usiku wake, kawirikawiri umapitirira maola 30. Pasipoti imadindidwa kasanu ndi kamodzi popita pokha, kutanthauza kuti ulendo wopita ndi kubwera umadya masamba angapo, zimene munthu woyendayenda pa ntchito ayenera kuziwerengera poona mmene kupeza pasipoti yatsopano kwakhala kukuvutira zaka zapitazi. Makampani ngati Intercape ali ndi mabasi abwino, a mipando yopendekeka kumbuyo, ndipo mtengo wa tikiti ndi kachigawo chabe ka mtengo wa ndege.

Chimene basi singakulonjezeni ndi nthawi yofikira. Pa chipata chilichonse basi siinyamuka mpaka wokwera womaliza atadinditsa, ndipo munthu mmodzi wa mapepala osalongosoka amachedwetsa anthu makumi asanu ndi limodzi. Pa Beitbridge, ngakhale chipatacho chimagwira ntchito usana ndi usiku ndipo mbali ya Zimbabwe inamangidwanso mwamakono, pamatha kutha maola angapo, makamaka mu December ndi pa Pasaka, chifukwa nthawi zina katundu yense wa m'ngolo ya basi amatsitsidwa n'kuyalidwa pansi kuti aunikidwe. Taganizirani bokosi la pulojekita ya kampani litayalidwa pa simenti pakati pa usiku, pakati pa matumba a mpunga ndi a usipa, mwini wake akuliyang'anira ndi maso atulo, chikwama cha laputopu chili pachifuwa. Zochitika za m'mayiko odutsamo nazonso zimakhudza ulendo, monga mmene zionetsero za ku Mozambique zotsatira chisankho cha mu October 2024 zinasokonezera kayendedwe ka magalimoto m'misewu ya dzikolo. Kuti wothandizira maphunziro akhale wotsimikiza kuti Lamulungu adzakhala ali m'chipinda ali wamphamvu, ayenera kunyamuka Lachinayi. Apa mpamene kutsika mtengo kwa basi kumayamba kuchepa: masiku awiri a ntchito atayika ku ofesi, alawansi ya masiku awiri yawonjezeka, mwinanso ndi usiku wina ku hotelo woti munthu apumule miyendo yotupa.

Ena amatchula njira yachinayi, yoyenda pa galimoto ya kampani. Imathandiza ngati anthu ali anayi kapena asanu ndipo katundu ndi wambiri, koma kwa munthu mmodzi ili ndi mavuto onse a basi, kuphatikizapo mapepala a galimoto pa chipata chilichonse. Inshuwalansi ya galimoto ya COMESA, bungwe la zamalonda la mayiko a kum'mawa ndi kumwera kwa Africa, imagwira ntchito ku Zimbabwe, koma Mozambique ndi South Africa si mamembala a bungweli.

Pamene basi imapambanadi ndi pa kulemera kwa katundu, ndipo apa mpofunika kuwerengera bwino. Mtokoma umodzi wa mapepala 500 a A4 umalemera makilogalamu awiri ndi theka. Ngati ophunzira ali 30 ndipo buku la aliyense lili ndi mapepala 100, amenewo ndi mapepala 3,000, kapena kuti makilogalamu 15, musanawerengere zikuto, ziphaso za omaliza maphunziro, nsalu zolembedwa dzina la kampani ndi zovala zanu. M'ndege chikwama cha m'manja sichiloledwa kupitirira makilogalamu pafupifupi 7, ndipo malowo amatha ndi laputopu, chaja ndi mabatire, pakuti mabatire a lithium oyenda nawo padera saloledwa kupita pansi pa ndege. Katundu woposa muyeso amalipiritsa modula. Komabe yankho la vutoli si kukweza munthu basi chifukwa cha mapepala. Mabuku angathe kutumizidwa pa intaneti kwa osindikiza a ku Johannesburg n'kukawapeza ali okonzeka, ndipo mahotelo ambiri okhala ndi zipinda za misonkhano amabwereketsa pulojekita. Ngati pali katundu amene sangapezeke kumeneko, atsogole yekha sabata imodzi pasadakhale kudzera mwa onyamula katundu, munthu atsatire pa ndege.

Zipangizo zimene mwasankha kuyenda nazo zikhale ndi kalata ya kampani yotchula chilichonse ndi nambala yake, yofotokoza kuti n'zogwiritsira ntchito pa maphunziro ndipo zidzabwerera ku Malawi. Muionetse kwa a MRA potuluka kuti pobwera pasakhale mkangano woti mwagula pulojekita yatsopano ku Joni. Pa ndege kalatayi imafunika pa malo awiri okha, pamene pa basi mungafunsidwe za bokosi lomwelo ndi akuluakulu a mayiko anayi, ndipo m'Mozambique kufotokozako kumavutirapo kwa amene sadziwa Chipwitikizi, ngakhale kuti cha ku Zobue ndi ku Tete Chinyanja ndi Chinyungwe zimathandiza. Kanthu kena kakang'ono kamene kamagwetsa ulesi anthu ambiri ndi pulagi. Kuno timagwiritsa ntchito ya mano atatu amakonamakona, pamene masoketi ambiri a ku South Africa ndi a mano atatu akuluakulu obulungira. Mphamvu ya magetsi ndi yofanana, koma popanda adaputa laputopu yanu siyaka kupitirira pamene batire yathera. Njira yanzeru ndi kunyamula ekisitenshoni ya kuno ya mabowo anayi kapena asanu ndi adaputa imodzi yolimba, zipangizo zonse zizidyera pamenepo.

Nkhani ya chilolezo cholowera m'dziko ndi imodzi pa njira zonse, koma imapweteka mosiyana. Mmalawi amalowa mu South Africa popanda viza kwa masiku 30, malinga pasipoti yake ikhale ndi masamba opanda kanthu ndipo isakhale yotha pasanathe masiku 30 kuchokera tsiku limene adzatuluke m'dzikomo. Masiku 30 amenewa ndi a mlendo wodzacheza kapena wodzakhala nawo pa msonkhano. Amene akupita kukaphunzitsa kapena kukagwira ntchito ya manja ake pa makina a kampani ali m'gulu lina, pakuti lamulo la South Africa loona za olowa ndi otuluka la 2002, pa gawo 11(2), limafuna kuti mlendo wodzagwira ntchito ya kanthawi kochepa apatsidwe chilolezo, ndipo chimapemphedwa ku ofesi ya kazembe wa dzikolo ulendo usanayambe. Ofesi yoona za ogwira ntchito pa kampani yanu ifunse za ichi msanga, ndipo kalata yokuitanani inene mosabisa chimene mukukachita. Wobwezedwa pa O.R. Tambo amataya tikiti ndi tsiku limodzi, koma wobwezedwa pa Beitbridge amatsala pa malire a mayiko awiri achilendo ndi katundu wa kampani, basi yake itapita.

Ndalama za m'thumba nazonso zimasiyana. Wa pa ndege amangofunika ma rand ochepa ndi khadi la ku banki, ngakhale kuti ndi kusowa kwa ndalama zakunja mabanki athu amaika malire pa zimene khadi lingalipire kunja, choncho hotelo ndi bwino ilipiridwe ndi ofesi yoitanayo. Wa pa basi amadutsa m'Mozambique, dziko la metical, kenako m'Zimbabwe, dziko limene anthu amagula ndi dola ya ku America pamodzi ndi ndalama yakumeneko yotchedwa ZiG, asanafike ku rand, ndipo chakudya cha m'njira sichikhala ndi lisiti loti akapereke ku ofesi ya zachuma pobwera.

Ndikaika zonsezi pamodzi, popita ndimasankha ndege yachindunji, yonyamuka kutatsala masiku awiri, ngakhale akuluakulu a zachuma atadandaula. Pobwera nkhani imasintha, chifukwa palibenso anthu makumi atatu amene akukudikirani, ndipo mabuku atsala ndi eni ake. Ngati maphunziro atha Lachisanu ndipo kampani ikufunitsitsa kuchepetsa ndalama, basi ya Loweruka ingathe kukufikitsani ku Blantyre kumapeto kwa Lamulungu kapena Lolemba, ndipo kuchedwa kwake sikuwononga kanthu kupatula tulo tanu. Musanavomere dongosolo lotere, yerekezani mitengo, pakuti tikiti ya ndege ya ulendo umodzi nthawi zambiri siikhala theka la mtengo wa tikiti yopita ndi kubwera, ndipo phindu likhoza kukhala lochepa kusiyana ndi mmene limaonekera papepala. Tikiti ya basiyo igulidwe musananyamuke ku Malawi kuti mukhale ndi umboni woti mudzatuluka mu South Africa mukafunsidwa polowa, ndipo mugwirizane ndi abwana anu molemba kuti masiku a m'njira adzawerengedwa ngati a ntchito, alawansi yake iperekedwe pamodzi ndi ya masiku a maphunziro.