Citronella, nimu, koyilo kapena DEET: zomwe ndaona pa udzudzu wa kuno ku Nchalo

Amayi anzanga a ku banki mkhonde akhala akundifunsa ngati mafuta onunkhira osakaniza wekha aja, monga a citronella, amathamangitsadi udzudzu, poti anandiona ndikuwayamikira chaka chatha. Ndiyankhe pano, chifukwa ena mwa inu mwatsala pang'ono kutaya ndalama monga ndinatayira ine.

Kabotolo kanga ka citronella ndinagula kwa munthu wina wotsatsa malonda pa WhatsApp. Kanali ka 10 ml, kanatsika ndi minibasi kuchokera ku Blantyre, ndipo ndalama yake ndikanagulira nkhuku yathunthu. Iye anati ndikangodzola madontho pang'ono, ndigona mpaka tambala. Sanandiuze kuti mafuta amenewa sadzola okhaokha. Tsiku loyamba ndinadontheza pamkono pa mwana wanga wa zaka 6, ndipo posakhalitsa khungu linafiira, iye akulira kuti kukuwotcha. Ndinamutsuka ndi sopo kawiri. Kenako ndinadziwa kuti pamafunika mafuta ena osungunulira, monga a kokonati kapena ophikira omwewa, ndipo muyezo wa munthu wamkulu ndi madontho awiri pa kasupuni ka tiyi. Imeneyo inali ndalama ina imene palibe anaitchula pondigulitsa.

Koma chimene chimandiwawabe mpaka lero ndi china. Mafuta onunkhirawa amathamangitsa udzudzu chifukwa cha fungo, ndipo fungolo limauluka. Likatha, chitetezo chathanso. Citronella kawirikawiri safika ndi maola awiri omwe, nanga kuli bwanji kuno kuchigwa, kumene mu Okutobala ndi Novembala kumatentha kupitirira madigiri 40, thukuta lili kamukamu usiku wonse? Inu a ku Ngabu, Bangula ndi Nsanje mukudziwa kuti miyezi imeneyi m'nyumba simugoneka, timayala mphasa pakhonde. Ine ndinadzoza ana, neti n'kuisiya m'chipinda poti kumangirira panja kunkandivuta. Udzudzu wofalitsa malungo, wa anofelesi, umaluma kwambiri usiku anthu atagona, nthawi imene fungo lija linatha kalekale ndipo palibe wodzuka kuti adzolenso. Pasanathe milungu iwiri mwana yemwe uja anatentha thupi, akunjenjemera masana dzuwa lili paliwombo. Kuchipatala anamubaya pachala, anapeza malungo, anamwa LA masiku atatu. Anachira, tithokoze Mulungu. Koma wogulitsa uja akanandiuza zoona kuti mafutawo ndi a ola limodzi kapena awiri, neti sindikanaisiya.

Chenjeraninso ndi mafuta a bulugamu wonunkhira mandimu. Alipo a mitundu iwiri yofanana mayina. Amene anayesedwa n'kupezeka kuti amateteza kwa maola angapo ndi aja okhala ndi mankhwala otchedwa PMD ochuluka, ndipo amalemba pabotolo. A m'timabotolo tating'ono tosakanizira panyumba ali ndi PMD wochepa kwambiri, amauluka ngati citronella yemweyo. Ngakhale a PMD enieniwo sadzoza mwana wosakwana zaka 3.

Nimu ndiye ndimamukonda, ndipo sindibisa. Pafupifupi khomo lililonse kuno lili ndi mtengo wake, sugula. Madzulo tikatha kuphika ndimathyola masamba aawisi n'kuwaika pamakala otsala pambaula, utsi n'kumayenda pansipansi pomwe takhala. Agogo anga ankatero ndi mpungabwi, wina ankaupachika pakhomo, wina ankakwapula nawo m'makona a nyumba dzuwa likamalowa. Ena amawotcha ndowe zouma za ng'ombe. Ndinene chilungamo, utsi umachepetsa udzudzu, suuthetsa, ndipo mphepo ikatembenuka miyendo imayamba kulumidwa. Mafuta a nthanga za nimu osakaniza ndi a kokonati amakhalitsako pakhungu kuposa citronella malinga ndi mmene ndaonera ine, kungoti fungo lake lili ngati adyo, ana amakana. Komabe nimu sanandinamizepo, ntchito yake yonse umaiona ndi maso, utsi ukazima umadziwa kuti nthawi yolowa mu neti yakwana.

Koyilo amagwira, koma m'chipinda chotseka amatsokomoletsa, ndipo pafupi ndi neti ndi moto weniweni.

Mafuta a m'sitolo okhala ndi mankhwala otchedwa DEET ndinkawaderera poti si achilengedwe, koma ndinasintha maganizo. Mlamu wanga ndi msodzi ku Elephant Marsh, amachezera pamadzi pomwe udzudzu umachita kuda bii, ndipo ndi okhawo amene amamusunga maola angapo asanadzolenso. Ndi odula, amawononga zinthu za pulasitiki, ndipo khanda losakwana miyezi iwiri salidzoza. Koma kwa alonda, asodzi ndi othirira nzimbe usiku, amene sangalowe mu neti, sindiona china chofanana nawo. Madzi akasefukira n'kusiya zithaphwi paliponse, monga zinachitikira pa namondwe wa Freddy mu 2023, botolo limodzi la amenewa limaposa timabotolo khumi ta mafuta onunkhira.

Ndiye amayi, mukandifunsa, pocheza madzulo ndisankha nimu pambaula, wogwira ntchito usiku agule DEET, ndipo citronella ndimamuika kumapeto. Wotsala m'kabotolo kaja ndimadontheza m'mafuta a kokonati n'kudzola m'miyendo ndikamatsuka mbale madzulo, basi. Pakhonde pathu bambo a ana anakhomapo misomali inayi, ndipo ikangokwana 8 koloko neti imakhala itamangidwa, m'mphepete mwake titapsinja pansi pa mphasa.