Digenes Akritas ndi Chronicle of Morea, mlendo amamuona bwanji?

Onsewa ndi ndakatulo za Chigiriki cha anthu wamba koma nkhani ya obwera amaigwira mosiyana zedi. Mu Digenes Akritas bambo ake a ngwaziyo, Digenes, ndi mfumu yachiluya yachisilamu, anachita kuba mtsikana wa banja la Doukas, banja lotchuka la mu ufumu wa Agiriki wa Byzantium, alongo ake a mtsikanayo atamulondola mkuluyu anavomera kubatizidwa basi nkhani yatha wasanduka mkamwini, mwana wake nkumalondera malire a ufumuwo cha ku mtsinje wa Euphrates. Ndiye mlendo amalandiridwa inde, bola asiye kaye chipembedzo chake.

Chronicle of Morea ya m'ma 1300 ndiye ina. Ikukamba za ma Frank, ankhondo ochokera kumadzulo kwa Ulaya, omwe analanda Peloponnese (dera la kummwera kwa Greece lomwe linkatchedwanso Morea) chitadutsa chaka cha 1204, wolembayo ali mbali ya obwerawo, Agiriki akuwanena kuti ngachinyengo osadalirika, koma m'chilankhulo chawo chomwe! Ine imandikoka ndi iyiyi, yoyamba ija imafewetsa zinthu mopitirira.