Gofu wa Loweruka: kumenyera konkuno ku Nchalo kapena kukwera mtunda wa Thabwa?

Chiyambire pamene anyamata atatu a kuntchito kwathu anagula ndodo zakale n'kuyamba gofu, Lachisanu lililonse funso limakhala lomwelomwelo: "Akulu, mawa timenyere konkuno kapena tikwere kumtunda?" Ndawayankha mmodzimmodzi mpaka kukhosi kuuma, ndiye ndati ndilembe kamodzi aliyense aziwerengere yekha. Ndineneretu kuti ndili ndi mbali. Gofu ndinamuphunzirira paphewa, ndikunyamula zikwama za ena ndili mnyamata kuno kuchigwa cha Shire, ndipo kalabu ina ya kumtunda inandichita chinthu chomwe mpaka lero chikadali pamtima. Dzina lake sinditchula. Pakati pa Blantyre, Limbe, Thyolo, Mulanje ndi Zomba makalabu okhala ndi bwalo la gofu alipo angapo, ndipo ena anandilandira bwino kwambiri. Ine ndikunena za imodzi yokha, yomwe anyamatawa amaisirira, ndipo ndikuiika pambali pa kalabu yathu ya pa esiteti ya nzimbe ku Nchalo.

Za kutalika kwa maenje ndi par (chiwerengero cha kumenya chomwe wosewera waluso amayenera kumalizira dzenje) sindilowamo, zili pa khadi. Pa udzu, akumtunda apambana: green yawo (malo a udzu wometedwa kwambiri ozungulira dzenje) ndi yosalala, mpira umathamanga, ndipo amene akufuna kuphunzira putt yeniyeni (kukankhira mpira m'dzenje uli pa green) apindula kumeneko.

Nyengo ndiye imagawa chaka pawiri. Blantyre ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, pomwe chigwa chathu mbali yaikulu sichifika ndi mamita 100 omwe. Mu Okutobala ndi Novembala kuno kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo maenje 18 amadya maola anayi kapena kuposerapo. Ukapanda kuyamba dzuwa likungotuluka, pofika 10 koloko ndodo yachitsulo imaotcha m'manja ndipo mutu umayamba kuzungulira. Miyezi imeneyo kumtunda n'kwabwino, utha kuyamba ngakhale masana. Koma mu Juni ndi Julayi zimatembenuka. Chiperoni chikakuta kumtunda, mpira suuona kumene wagwera, zala zimauma, pomwe kuno kamphepo kamakhala kayaziyazi tsiku lonse. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti palibe chifukwa chowonongera mafuta.

Ulendo wokha ndi makilomita pafupifupi 80 kupita kokha pa msewu wa M1, kudutsa Bereu ndi Dyeratu, kuwoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu, kenako makhotamakhota a mtunda wa Thabwa, kumbuyo kwa malole a shuga okwera ngati nkhono. Pobwerera umatsika mtunda womwewo madzulo utatopa, ndiye kubala kumtunda uyenera kumwa Fanta basi. Nthawi ya mvula uziyamba wafunsa za msewu. Tonse tikukumbukira mmene namondwe Ana anaudulira m'malo angapo m'boma la Chikwawa mu Januwale 2022.

Zonsezo munthu atha kuzipirira. Chomwe chinandigamulira ine mlanduwu chinachitikira pakhonde, osati pabwalo.

Malume anga a ku Ngabu ndi amene anandilera bambo atamwalira. Ndi mlimi wa ng'ombe ndi thonje, sanagwirepo ndodo ya gofu, koma ankadziwa kuti ndalama zanga zoyamba zogulira makope zinkachokera m'zikwama zomwe ndinkanyamula. Tsiku lina anandiuza kuti akufuna adzandione ndikumenya ndekha, wina atandinyamulira ine. Ndinaganiza zowatengera kumalo okongola kuposa onse omwe ndinkawadziwa. Lachitatu ndinaimba foni ku kalabu ija. Ndinafunsa green fee (ndalama yolipirira kusewera pabwalo) ya mlendo, anandiuza. Ndinafunsa ya caddie (wonyamula chikwama cha ndodo), anandiuza. Ndinanena momveka kuti ndibwera ndi munthu wamkulu yemwe sasewera, angokhala pakhonde kundidikira, ndipo anayankha kuti palibe vuto.

Tinafika 8 koloko isanakwane. Pageti tinalemba maina m'buku, ndinalipira green fee, ndinawakhazika malume patebulo loyang'ana green yomaliza kuti adzandione pomaliza, ndinauza woperekera zakumwa kuti chilichonse chomwe angafune alembe pa dzina langa. Anali atavala jekete yawo ya kutchalitchi ndi chipewa chawo.

Pomwe ndimafika pa dzenje lomaliza ndinakweza maso pakhonde, tebulo lija panali anthu ena. Malume ndinawapeza pakona, kuseri kwa chipilala, pomwe green siioneka n'komwe. Wina anawauza kuti matebulo a kutsogolo ndi a mamembala. Wina anawauza kuti avule chipewa. Za chipewa sindikangana nazo, ndi mwambo wa gofu m'makalabu ambiri kuti m'nyumba ya kalabu chipewa chimavulidwa, ngakhale ine ndimawaphunzitsa anyamata zimenezo. Koma mwambo umauzidwa munthu utayamba wamupatsa moni. Maola anayi ndi theka, palibe anawafunsa kuti achokera kuti, palibe anabwerera kudzaona ngati botolo lawo latha. Anamwa Fanta imodzi. Putt yanga yomaliza, yomwe anakwerera mtunda wonse uja, sanaione.

Ndinameza zimenezo, ndinaitanitsa chakudya, tinadya. Bilu itabwera ndinaona mizere iwiri yomwe sindinaiyembekezere, yolembedwa kuti temporary membership, wina wanga wina wa malume, uliwonse pafupifupi theka la green fee. Ndinafunsa. Anandifotokozera kuti bala ndi khitchini ndi za mamembala, ndiye mlendo aliyense wokhala pakhonde amayenera kukhala membala wa tsiku limodzi, ndipo green fee imalipirira bwalo lokha. Lamulo lotere silachilendo, makalabu ambiri ali nalo, ndipo ndikumvetsa kuti mamembala omwe amasonkha chaka ndi chaka safuna kuti aliyense azingodyerera thukuta lawo. Chomwe sindivomera n'chakuti ndinaimba foni, ndinadutsa pageti, ndinaima pakauntala, malo atatu, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe ananena. Anadikira kuti tidye kaye. Ndalama yomwe ukuuzidwa usanakhale pansi ndi mtengo, umasankha wekha kulipira kapena kubwerera. Yomwe yatulukira mbale zitachotsedwa ndi msampha.

Ndipo taganizani: malume analipiritsidwa ngati membala wa tsikulo, koma anachotsedwa patebulo chifukwa si membala. Kalabu inafuna ndalama ya umembala popanda kupereka mpando wa umembala.

Malume sadziwa kuwerenga Chingerezi koma nkhope yanga anaiwerenga. Anapisa dzanja m'thumba la jekete n'kutulutsa kampango komwe amamangamo ndalama. "Mphwanga, kodi mpando uja unali wolipira? Ukanandiuza, ine ndikanakhala pansi pa mtengo paja." Ndinawagwira dzanja, ndinalipira ndekha. Njira yonse yotsika Thabwa sanalankhule za gofu, ankangonena za mvula.

Panalinso kanthu ka caddie. Mnyamata amene anandinyamulira anali waluso, ankawerenga green bwino kuposa ine. Chikwama cha ndodo 14 ndi mipira ndi ambulera si chopepuka, ndikuchidziwa paphewa langa lomwe. Nditamugulira chakumwa, woperekera anakana kumupatsira pamasitepe, anati azungulire kuseri. Kuti ma caddie ali ndi malo awoawo n'zodziwika, sindikuti akhale patebulo la mamembala. Koma botolo lomwe ndalipira ine, kumupatsa munthu amene wayenda nane makilomita onse aja, lisafune kuti azungulire nyumba.

Tsono za kwathu. Sindikufuna kunamizira kuti makalabu a pa maesiteti anabadwa ndi mtima wabwino. Shuga ku Nchalo anayamba kupangidwa mu 1966, nthawi ya Sucoma ya kampani ya Lonrho, Illovo isanatenge mu 1997, ndipo malo ngati amenewa m'dziko muno anamangidwira mabwana, ambiri a iwo azungu, kuti azipumulirako. Akuluakulu omwe ananyamula zikwama ife tisanabadwe amakumbukira khonde lomwe ankangoliyang'ana ali pansi. Koma lero pali chifukwa chenicheni chomwe kalabu ya kuchigwa imalandirira mlendo mosiyana ndi ya kumtunda, ndipo si chakuti anthu a kuno ndi angelo. Osewera gofu kuno ndi ochepa. Loweruka m'mawa mukakhala atatu, munthu wachinayi akatulukira pamalo oimika galimoto ndi chikwama chake, mumasangalala chifukwa gulu lakwana. Kumtunda mamembala ndi ambiri, nthawi zoyambira zimadzaza, ndipo mlendo amaoneka ngati wodzachedwetsa anthu. Kuno mlendo ndi wosowa, ndiye amafunsidwa dzina, handicap yake (nambala yosonyeza luso la wosewera, yomwe imakhala yaikulu kwa woyamba kumene), ndi kumene wagona.

Zimenezi zimaonekera kwambiri masewera akatha. Azungu amati bala ya kalabu ndi dzenje la nambala 19, ndipo kwa munthu woyamba kumene dzenje limeneli ndi lomwe limagamula ngati adzabwerenso. Mukasainirana makhadi n'kukhala pansi, wina amawerengera mapointi. Tikamasewera Stableford, njira yowerengera mapointi dzenje ndi dzenje, par ya pa handicap yako imakupatsa mapointi awiri, bogey (kupitirira par ndi kumenya kumodzi) pointi imodzi, birdie (kuchepera par ndi kumenya kumodzi) atatu, ndipo dzenje lomwe waliwononga umangolisiya wopanda pointi, silikuphera tsiku lonse. Ndiye mnyamata wa handicap yaikulu atha kuposa mkulu amene wasewera zaka 20. Mmodzi mwa anyamata athu atatu aja zinamuchitikira pa ulendo wake wachinayi. Dzina lake linatchulidwa, anthu anaomba m'manja, mkulu wina amene mnyamatayo anamugonjetsa anamuitanitsira chakumwa n'kumulangiza za mmene amagwirira wedge (ndodo yokwezera mpira m'mwamba ukayandikira green). Mnyamatayo sanaphonyenso Loweruka. Pa kalabu ina ija, ine nditamaliza palibe anandifunsa kuti ndamenya zingati.

Patatha mwezi chichitikire za kumtunda zija, ndinakawatenganso malume ku Ngabu kuti ndipite nawo ku kalabu yathu ya ku Nchalo. Anayamba akana, ndinawanyengerera. Zonse zoti ndilipire ndinauzidwa ndisanatsitse chikwama m'galimoto. Mnyamata woperekera zakumwa atawaona imvi anawerama pang'ono n'kuti, "Mwacherwa, mbuya," ndipo anabweretsa madzi ozizira asanafunse kuti amwa chiyani. Malume anayankha kuti "Takhuta," nkhope yawo inamasuka pomwepo. Kuchigwa kuno, komwe Chisena ndi Chimang'anja zimasakanikirana pamsika uliwonse, moni wa m'chilankhulo cha munthu umamukhazika pansi kuposa mpando. Pomwe ndimafika pa green yomaliza ndinawaona ataima m'mphepete mwa khonde, chipewa chili m'manja, pambali pawo pali bambo wina yemwe anali atawafotokozera kale chifukwa chake anthu amakhala chete wina akamamenya. Putt ndinaiphonya, ndinalowetsa yachiwiri, iwo anaomba m'manja ngati ndapambana chikho. Nditakwera ndinapeza akukambirana ndi anthu atatu za mitengo ya ng'ombe ndi za madzi a namondwe Freddy a mu Malichi 2023, aliyense akunena pomwe anafika kwawo. Caddie wanga anamwa chakumwa chake ndikumuona.

Chakudya: kumtunda mndandanda ndi wautali ndipo khofi wawo ndi wabwino, kuno ndimangofuna nyama yootcha ndi chakumwa chozizira bwino, ndipo ndimazipeza. Zipinda zosinthira za kumtunda n'zokongola kuposa zathu. Udzudzu wa madzulo kuno ndi weniweni, bwerani ndi mafuta odzola ndi buluku lalitali. Nthawi yodula nzimbe mumamva fungo la molasesi mumphepo. Alendo ena limawadabwitsa, ine limandiuza kuti ndili kwathu.

Kwa inu a kumtunda amene mukufuna kutsika ndi banja, kuno kuli mwayi wina. Amene sasewera atha kukaona boo ku Lengwe, pafupi pomwepa, kapena kupita ku Majete komwe bungwe la African Parks lakhala likuyang'anira kuyambira 2003 n'kubwezeretsako njovu, zipembere ndi mikango. Mukumana madzulo aliyense ali ndi nkhani yake.

Ndiye anyamata inu, yankho langa ndi ili. Loweruka wamba, makamaka miyezi yozizira, menyerani konkuno, ndalama ya mafuta mugulire mipira ndi kuwonjezerako caddie wanu. Kwerani kumtunda kukakhala mpikisano, kapena mu Okutobala ndi Novembala dzuwa likafika poopsa, kapena mukafuna kuphunzira green yothamanga, chifukwa zimenezo kwathu simuzipeza chimodzimodzi. Koma musanatembenuze kiyi, imbani foni mufunse motere: kupatula green fee ndi caddie, pali ndalama ina yomwe mlendo amalipira kuti akhale pakhonde kapena agule pabala? Nanga munthu amene sasewera amalipira zingati, ndipo akhala pati? Funsaninso dzina la amene wakuyankhaniyo, mulilembe. Ku kalabu ina ija ine sindinabwererekonso, ndipo akandiitana ku mpikisano wa kumeneko ndimapereka malo anga kwa wina.

Malume anaimba foni dzana kufunsa ngati Loweruka lino tikupita. Ndiwatenga ku Ngabu 5 koloko m'mawa, ndipo galimoto ili ndi malo a anthu awiri ndi zikwama zawo.