Rauta ya kampani, yogula nokha, MiFi kapena Starlink: iti ingakutsatireni mukasintha netiweki kuno ku Mangochi?

Rauta yanga yoyamba inakhala miyezi yambiri pamwamba pa kabati ikudya fumbi, chonsecho inali yabwinobwino. Ndinaitenga pamodzi ndi bandulo ya pamwezi ku kampani ina ya mafoni, ndipo inanditumikira bwino pamene ndinkakhala pa Boma. Nditasamukira kutsidya kwa Shire, cha kunjira ya ku Namwera, netiweki ya kampaniyo inayamba kufooka madzulo aliwonse, mpaka ndinaganiza zosintha. Tsiku lomwe ndinaikamo simukhadi ya kampani ina m'pamene ndinadziwa kuti bokosilo ndi lokhoma, limalandira khadi ya eni ake okha. Zinandiwawa, chifukwa ndalama ndinali nditapereka.

Kuyambira pamenepo, munthu akandifunsa kuti rauta yabwino ndi iti, ndimayamba ndamufunsa funso lina: mukadzasinthanso kampani, bokosi mukugulali lidzakutsatirani kapena lidzatsala? Kuno kusintha sikusowa. Netiweki imene ikugwira bwino ku Nkopola si imene ikugwira ku Malindi, ndipo nyumba ziwiri za m'mudzi umodzi zikhoza kusiyana chifukwa cha phiri kapena mitengo ya mango.

Musanatulutse kobiri, yesani kaye ndi foni. Ikani khadi ya Airtel, kenako ya TNM, muyende nayo m'nyumba monse ndi pakhonde. Musayese m'mawa mokha. Yesaninso cha m'ma 8 koloko usiku pamene aliyense ali pa WhatsApp ndi TikTok, chifukwa nthawi imeneyo ndiyo imaulula ngati nsanja ya netiweki ya kwanuko yalemedwa. Palibe rauta, ngakhale yodula bwanji, imene ingachotse anthu pa nsanja yodzaza.

Tiyambe ndi rauta imene kampani imakupatsani mukamalembetsa. Ubwino wake sindingaubise. Mtengo wolowera umakhala wotsika, pakuti kampani ikufuna mukhale kasitomala wake. Imabwera atakonza kale zonse, inu kwanu n'kungolumikiza ku magetsi. Ikavuta mumabwerera nayo ku shopu yawo, ndipo sangakubwezeni ndi mawu oti vuto ndi chipangizo chanu. Palinso mabandulo ena a kunyumba amene amayendera limodzi ndi rauta kapena khadi yapadera ya kampaniyo, ndiye funsani msanga ngati bandulo mukuifunayo ingagwire pa rauta yogula kwina. Kwa makolo kumudzi, kapena munthu amene safuna kulimbana ndi zosinthasintha za m'kati, njira imeneyi ndi yabwino ndithu.

Koma funsani mafunso awiri musanasaine, ndipo akuyankheni momveka. Kodi rautayi ikhala yanga, kapena ndidzabweza ndikadzasiya? Kodi ndi yokhoma? Anyamata ena okonza mafoni mumsika amatha kutsegula mitundu ina, inde, koma si yonse imene imatheka, chitsimikizo cha kampani chimathera pomwepo, ndipo ntchito ikalakwika bokosi limafa osadzukanso. Chinanso, marauta ambiri otere amene ndawagwira ndi a m'gulu lotsika, lija amalitcha Cat 4, ndipo Wi-Fi yake ndi ya 2.4 GHz yokha, mtundu wochedwerapo.

Rauta yogula nokha, yosakhoma, yokhala ndi polowetsa simukhadi, ndiyo ine ndinasankha, ndipo ndikhalitsapo pang'ono chifukwa apa m'pamene anthu amasokonezeka ndi manambala a pa katoni.

Tengani ziwiri za TP-Link zimene zimafanana maonekedwe. TL-MR6400 ndi ya Cat 4, malire a liwiro lake ndi 150 Mbps, Wi-Fi yake ndi ya 2.4 GHz yokha, ndipo mabowo ake a waya amalekezera pa 100 Mbps. Archer MR600 ndi ya Cat 6, malire ake ndi 300 Mbps, ili ndi 2.4 GHz komanso 5 GHz, ndipo mabowo ake ndi a gigabit, ndiko kuti 1,000 Mbps. Kwa Huawei kusiyana kwake n'komweko: B315 ndi ya Cat 4, pomwe B535 ili pamwamba, nayonso imafika 300 Mbps ndipo ili ndi Wi-Fi ya mitundu yonse iwiri. Manambala a 150 ndi 300 amenewa asakutengeni mtima, ndi denga chabe, ndipo pa nsanja imene mukugawana ndi mudzi wonse simudzaligunda. Chenicheni chimene Cat 6 imaposera inzake n'chakuti imatha kukoka intaneti pa mabandi awiri a nsanja nthawi imodzi, ngati munthu wotunga pa mipope iwiri. Mpope umodzi ukachuluka anthu, winawo ukumuthandiza. Koma zimatheka pokhapokha nsanja ya kwanuko ili ndi mipope iwiriyo. Foni yanu ikamaonetsa 4G+ muli pakhomo panu, Cat 6 ikupindulirani. Ikamangoonetsa 4G, mwinanso kutsikira ku 3G, ndalama yowonjezerayo ndi bwino muiike pa eriyo.

Nkhani ya eriyo ndiyo anthu ambiri saiganizira, chonsecho kwa ife a nyumba za njerwa zowotcha ndi denga la malata ndi yaikulu kuposa dzina la rauta. Malata amatchinga netiweki, khoma lochindikala nalonso limadyako. B315 ndi B535 zili ndi timabowo tiwiri kumbuyo tolumikizira eriyo ya panja, ndipo pa mitundu yatsopano ya ma TP-Link aja tinyanga take timamasuka, mukhoza kumangapo waya. Eriyo ikakwera pa mtengo pamwamba pa denga n'kuyang'ana kumene kuli nsanja, nyumba imene inkavutika kutsegula chithunzi imayamba kuonera vidiyo. Waya wake asatalike kwambiri, chifukwa mphamvu imatayika m'njira. Pofuna kudziwa ngati mwalozetsa bwino, musadalire timizere ta pa bokosi. Lowani pa tsamba la rauta, 192.168.8.1 pa Huawei kapena 192.168.1.1 pa TP-Link, mufufuze nambala yosonyeza mphamvu ya netiweki, yotchedwa RSRP. Ikakhala cha m'ma -85 muli pabwino, ikafika -110 mwatsala madzi amodzi. Tembenuzani eriyo pang'onopang'ono mukuyang'ana nambalayo. Ndipo mvula ya ziphaliwali ikayamba, zulani mawaya, musanyengerere.

Chinthu china chimene ndimachikondera pa MR600 ndi B535 ndi bowo lolembedwa LAN/WAN. Likutanthauza kuti mawa mukadzasiya za simukhadi n'kulowa intaneti yobwera pa waya, bokosi lomwelo lidzapitiriza ntchito yogawa Wi-Fi m'nyumba. Zovuta za rauta yogula nokha ziliponso, sindikana. Mtengo wake ndi wokwera chifukwa palibe kampani ikukuthandizani kulipira, nthawi zina muyenera kulemba nokha APN (dzina limene rauta imalowera nalo pa intaneti) ya kampani yatsopano, ndipo ikawonongeka mulimbana ndi wogulitsa, osati a netiweki.

Apa ndichenjezeko za misampha iwiri. Woyamba ndi marauta a nyanga zinayi kapena zisanu amene amaoneka amphamvu pa shelefu koma alibe polowetsa khadi, monga Archer C6. Si oipa ayi, koma ntchito yawo ndi kugawa intaneti imene yabwera kale pa waya. Paokha sangakoke kanthu ku nsanja. Tembenuzani katoni, muone ngati palembedwa 4G LTE, ndipo bowo la khadi mulione ndi maso anu.

Wachiwiri ndi wathu weniweni kuno ku Mangochi, kumene pafupifupi mudzi uliwonse uli ndi mwana wake ku Joni. Achimwene akamabwera kuchokera ku Johannesburg kapena Durban amatha kutenga rauta ngati mphatso, ndipo ina imakhala yapamwamba zedi. Koma ina imakhala yokhomeredwa ku makampani a ku South Africa, ndiye ikafika kuno imakana khadi yathu. Auzeni asanagule kuti afunse ngati ndi yosakhoma, ndipo ayeseretu ndi khadi ya kampani ina ali konko. Pulagi yakenso imabwera ya mano ozungulira, yosalowa m'masoketi athu a mano atatu aphwatalala, koma limenelo ndi vuto laling'ono.

MiFi, kabokosi kolowa m'thumba kaja, sindikhalitsapo. Mphamvu yake ndi batire: magetsi akazima iko kakugwirabe, ndipo mukhoza kupita nako ku Monkey Bay kapena ku Makanjira. Kwa munthu mmodzi, wophunzira kapena wa bizinesi yoyendayenda, n'kokwanira. Koma si rauta ya banja. Wi-Fi yake siidutsa makoma awiri, kamalandira zipangizo zochepa, kambiri kalibe bowo la waya, ndipo mukakasiya pa chaja usana ndi usiku m'kutentha kwa kuno, batire imatupa. Komanso mwini wake akatuluka nako, nyumba yonse yatsala mumdima.

Starlink inafika m'Malawi mu 2023, ndipo siiyenera kuikidwa pa sikelo imodzi ndi zinazi mosaganiza, pakuti iyo siidalira nsanja. Mbale yake imalankhula ndi masetilaiti, ndiye kumene netiweki ya mafoni imafika movutikira, kuseri kwa mapiri kapena kugombe lakutali, ilibe mnzake. Pa loji, pa sukulu, kapena kwa munthu amene ntchito yake ndi misonkhano ya pa vidiyo tsiku lonse, ndikumvetsa chifukwa chake amaisankha. Koma pa funso langa lija, iyo ndiyo yokhoma kuposa zonse: mbaleyo siigwira ntchito ndi kampani ina iliyonse. Imafuna thambo loyera, moti mtengo wa mango kapena mlambe umene uli pafupi umadula kulumikizana, ndipo mvula yamphamvu imaisokoneza kwa kanthawi. Ndalama yogulira zipangizo ndi yambiri. Ngati mukugula yakale kwa munthu, onetsetsani mtundu wake, chifukwa rauta ya m'badwo wachiwiri inalibe bowo la waya pokhapokha mutagula kachipangizo kapadera, pomwe ya m'badwo wachitatu ili ndi mabowo awiri.

Ndiye pali magetsi, amene kwa ine ndiwo amagamula mlandu. Rauta ya 4G imadya pang'ono, mawatsi 10 kapena kucheperapo. Starlink yaikulu imafuna pakati pa mawatsi 75 ndi 100, ndipo yaing'ono ija ya Mini pakati pa 25 ndi 40. Magetsi akazima kwa maola angapo, rauta ya 4G imapitirira pa kabatire kakang'ono ka UPS kapena pa batire ya sola imene muli nayo kale, pomwe Starlink yaikulu ikufuna invetala ndi batire yooneka. Musanalumikize ku batire, werengani pa chaja ya rautayo: yambiri ndi ya 12V, koma ilipo ya 9V, ndipo mukaipatsa yoposa muyezo ikhoza kupsa.

Kutentha nakonso musakupeputse. Marauta ambiri a m'nyumba anapangidwa kuti azigwira ntchito mpaka madigiri 40, ndipo mu Okutobala ndi Novembala chipinda cha malata chopanda siling'i kuno chimayandikira pamenepo. Rauta ikatentha imachedwa kapena kuzima n'kuyakanso yokha, munthu n'kumada kampani pomwe vuto lili pa windo pamene dzuwa likuiwomba. Iikeni pamwamba, pamthunzi, podutsa mphepo, ndipo musaifunditse kansalu koluka ngakhale fumbi likukunyansani.

Za 2.4 GHz ndi 5 GHz, lamulo lake ndi lalifupi. Ya 2.4 imapita patali ndipo imaboola makoma, koma ndi yochedwerapo, ndipo pamalo othithikana ngati pa Boma imalimbana ndi ya anansi. Ya 5 ndi yachangu koma imathera pafupi. TV ndi laputopu za pabalaza ziikeni pa 5, mafoni a kuzipinda pa 2.4. Musasokoneze 5 GHz imeneyi ndi 5G ya nsanja, ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo rauta ya 5G musaigule foni yodziwa 5G isanaionetse pakhomo panu.

Tsiku losintha likafika, musathamangire kutaya khadi yakale. Gulani kabandulo kakang'ono ku kampani yatsopano, muyese sabata yathunthu, Loweruka ndi Lamulungu lomwe. Pa rauta yatsopano lembani dzina la Wi-Fi ndi pasiwedi zofanana ndendende ndi zakale, mafoni onse ndi TV zidzalumikizika zokha popanda kuzigwira. Pasiwedi yolowera pa tsamba la rauta ndiyo musinthe, isakhale ija inabwera nayo.

Bokosi lokhoma lija ndinadzalitsitsa pa kabati. Ndinakoka waya wa mamita 20 kuchokera pa rauta yatsopano kukafika kunyumba ya kuseri kumene kumagona anyamata, ndinazimitsa gawo logawa manambala kwa zipangizo lotchedwa DHCP m'kati mwake kuti lisamalimbane ndi linzake pogawa manambala, ndipo tsopano likugawa Wi-Fi kumeneko popanda khadi iliyonse.