PS5 patatha miyezi 8: mzinda wakula, bandulo ikulira

Ndinagula PS5 (PlayStation 5, makina a Sony osewerera magemu) yogwiritsidwa kale ntchito nditagulitsa PS4 yanga. Ndinkaganiza kuti ndikulipira zithunzi zokongola basi. Zithunzizo n'zabwinodi, koma chimene chandigwira mtima n'chakuti sindikudikiranso.

Inu amene munasewerapo Spider-Man ya 2018 pa PS4 mukukumbukira. Ukafuna kupita mbali ina ya mzinda wa New York mwachangu, ankakuonetsa Spider-Man ali m'sitima ya pansi pa nthaka, iwe padi ili m'manja ukungoyang'ana. Sitimayo inali yongokupusitsa, makina amakhala akukoka mzinda kuchokera mu hard disk yozungulira ija. Mu 2019, Mark Cerny, yemwe anatsogolera kapangidwe ka PS5, anasonyeza kuti kudikira kwa masekondi 15 pa PS4 Pro kunatsika n'kufika pa 0.8 chifukwa cha SSD, chosungira magemu chothamanga chimene chinalowa m'malo mwa hard disk. Nthawi imeneyo ndinati ndi zamalonda chabe. Lero ndaona ndi maso anga.

Mu Spider-Man 2 ya 2023, sanangosiya dera la Manhattan lokha, anawonjezera madera a Brooklyn ndi Queens, ndipo mzinda unakula pafupifupi kuwirikiza kawiri. Ukasankha malo pa mapu, usanaphethire n'komwe uli kale m'mlengalenga. Kuuluka kwakenso n'kothamanga kwambiri, ndipo apa m'pamene ndinamvetsa kuti kale opanga magemu ankachita dala kukuchedwetsa kuti nyumba za kutsogolo zipeze mpata woonekera. Tinjira tothina tija tomwe munthu amadutsa chopendekeka m'magemu ambiri, nthawi zambiri ntchito yake inali yomweyo. Memory, momwe makina amasungamo zimene akugwiritsa ntchito nthawi imeneyo, nayo inakwera kuchoka pa 8GB ya PS4 kufika pa 16GB, n'chifukwa chake misewu yadzaza anthu ndi magalimoto.

Komabe dziko lalikulu limadya malo. Pa 825GB zimene amalemba pa SSD ya PS5 yangayi, zimene munthu umagwiritsa ntchito ndi pafupifupi 667GB, pomwe Spider-Man 2 yokha imayandikira 100GB. Magemu akuluakulu 5 kapena 6, mwadzaza. Pali malo oikapo SSD ina ya mtundu wa M.2, koma imeneyo ndi ndalama zinanso.

Ndiye intaneti yathuyi! Tsiku lina ndinagula bandulo kuti nditsitse gemu usiku, magetsi anazima chapakati, m'mawa n'kupeza sinafike ngakhale theka. Mng'ono wanga anandiseka mpaka misozi, akuti achimwene mwagula galimoto mulibe ya mafuta. Ngati mukugula, sankhani yokhala ndi polowetsa disiki, mudzatha kubwerekana magemu ndi anzanu. Ma update mudzawatsitsabe, koma si zofanana ndi kutsitsa gemu yonse.

Magemu anga akale a PS4 akusewereka bwinobwino, ndipo ambiri akutseguka msanga kuposa kale. PS5 ndikuipatsa nyenyezi 4 pa 5. Yachisanuyo yapita ndi bandulo.