Wind vane kapena autopilot: adzagwira tsigiro ndani inu mukagona?

Pa mpikisano wowoloka nyanja yamchere muli nokhanokha, simungagwire tsigiro usana ndi usiku. Pali kugona, kuphika, kusintha matanga, kupopa madzi olowa. Nchifukwa chake chida chowongolera bwato inu mutachokapo muyenera kuchisankha poyamba, popeza ndicho chimalamula kukula kwa mabatire ndi kulemera kwa kumbuyo kwa bwato.

Nthawi zina malamulo amakusankhirani kale. Golden Globe Race, imene imayambira ku Les Sables-d'Olonne ku France, imayendetsedwa ndi zida za makedzana, ndipo mabwato ake amadalira wind vane, chida chowongolera bwato choyendera mphepo. Ku Mini Transat, mpikisano wa mabwato a mamita 6.50 umene unayamba mu 1977, zinthu nzosiyana: ulendo wa mamailo a panyanja pafupifupi 4,000 umathamangidwa ndi autopilot ya magetsi. Si nkhani ya fasho. Mabwatowo amayenda mosiyana.

Wind vane siidya magetsi ngakhale pang'ono. Pamwamba pake pali tsamba lopyapyala limene mumalitembenuza kuti liloze mphepo cham'mphepete. Bwato likapatuka, mphepo imamenya tsambalo mbali imodzi n'kulipendeketsa. Pa mtundu wa servo-pendulum, monga Monitor, Aries ndi Windpilot Pacific, tsambalo limangopotoza kankhafi kali m'madzi. Madzi othamanga ndi amene amakankhira kankhafiko cham'mbali mwamphamvu, ndipo zingwe ziwiri zimakoka mpini wa tsigiro. Mphepo ikakula ndi bwato likathamanga, mphamvu yake imakulanso, ndiye nyanja ikalusa m'pamene chidachi chimagwira bwino. Blondie Hasler, amene anawoloka Atlantic ndi kabwato kake Jester pa OSTAR ya 1960, mpikisano wowoloka nyanjayo munthu ali yekha, ndi mmodzi mwa amene anakonza njirayi.

Mtundu wina, wa Hydrovane, uli ndi tsigiro lakelake. Mumamanga tsigiro lalikulu pamalo amodzi, laling'onolo n'kumawongolera. Ubwino wake ngwakuti tsigiro lalikulu likathyoka muli nalo kale lina. Koma ndi lolemera kuposa servo-pendulum yaing'ono ya makilogalamu 13 mpaka 25, ndipo pa bwato la mamita 6 kapena 7 kulemera kotereku kumapeto kwenikweni kumamiza kumbuyo n'kukuchedwetsani.

Tsono vuto lalikulu la wind vane ndi ili: imatsata mphepo imene ikuimva pabwatopo, osati mphepo yeniyeni. Tiyerekeze mphepo ya ma knot 8 (knot ndi mailo imodzi ya panyanja pa ola) ikuchokera kumbuyo, bwato likuyenda ma knot 4. Tsamba likumva 4 okha, sangalipendeketse msanga, bwato n'kumayenda mokhotakhota. Pa bwato lopepuka n'zoopsa koposa. Likatsetsereka pafunde, liwiro n'kulumpha kuchoka pa 7 kufika pa 14, mphepo yomveka imasunthira kutsogolo mwadzidzidzi. Tsamba limaona ngati bwato lakhotera kumphepo, ndiye limalipatutsira kumbali inayo. Fundelo likadutsa, liwiro latsika, mphepo imapezeka yalowa kuseri kwa thanga lalikulu, mtanda wake n'kuwoloka ndi chiphokoso, bwato n'kugona chammbali. Bwato lolemera la msana wautali silisintha liwiro chonchi, nchifukwa chake wind vane imaligwira bwinobwino milungu ingapo.

Autopilot imayendera kampasi, ndipo yabwino, monga ya NKE kapena B&G, imakhala ndi gyro imene imamva kumbuyo kwa bwato kukuyamba kuterera isanasinthe njira, n'kukankhiratu tsigiro. Ikalumikizidwa ndi choyezera mphepo cha pamwamba pa mlongoti ndi choyezera liwiro, imawerengera mphepo yeniyeni n'kumaitsata. Apa wind vane siingapikisane nayo.

Mtengo wake umalipidwa m'magetsi, ndipo masamu ake achiteni pa pepala. Mota yokankha tsigiro ikamadya ma amp 3 pa avareji, pa maola 24 ndi ma amp-hour 72. Onjezani nyali, wailesi ya VHF, AIS (chida chodziwitsana ndi zombo zina pamene muli) ndi zoyezera, mwafika pafupi ndi 100. Mabatire a lead safunika kutsitsidwa kupyola theka, ndiye a ma amp-hour 200 ndi a tsiku limodzi basi. Sola ya ma watt 100 ikapatsa ma amp-hour 30 pa tsiku la dzuwa labwino yachita zotheka, ndipo mthunzi wa thanga ukagwera pakona imodzi yokha, mphamvu imatsika kwambiri. Choncho pamafunika gwero lachiwiri, monga fuel cell, chida chopanga magetsi kuchokera ku methanol. Masiku atatu a mitambo opanda gwero limeneli, mudzagwira tsigiro ndi manja mpaka maso atachita chidima.

Za tiller pilot, ka autopilot kotchipa kokankha mpini kokhala panja ngati Raymarine ST2000 kapena Simrad TP32, tinene mosabisa: nkabwino ngati kapadera, osati ngati kodalira. Madzi amchere amalowera pandodo yake yotuluka n'kulowa, ndipo magiya ake amatha msanga akamalimbana ndi mafunde aakulu. Kasokereni chivundikiro, ndipo plagi yake muipake girisi wosalowa madzi.

Kuwonongeka kwa zida ziwirizi nkosiyananso. Wind vane imaonetsa matenda ake: chingwe chaperepeseka podutsa pa kawilo, bawuti yamasuka, paipi yochita kupangidwa yofooka yathyoka itagunda chinthu m'madzi. Zonsezi mumakonza ndi sipanala, bola mwanyamula matsamba awiri apadera, zingwe, mapaipi ofookawo ndi mabawuti. Tsiku lililonse sunthani chingwe masentimita ochepa kuti pokhudzana ndi kawilo pasinthe. Komabe wind vane si yosafa: pa Golden Globe ya 2022, Simon Curwen anali patsogolo pamene funde linaphwanya wind vane yake, ndipo anakhotera ku Puerto Montt ku Chile kukakonza. Autopilot imangozima, ndipo nthawi zambiri wolakwa ndi waya wadzimbiri, plagi yonyowa kapena kachida kouza kompyuta pamene tsigiro lili. Zotere sizikonzeka usiku bwato likugudubuzika. Mankhwala ake n'kukhala ndi ziwiri zoikiratu, iliyonse ndi waya ndi fyuzi yakeyake, kuti kusintha kukhale kongotembenuza switchi.

Ndiye ngati bwato lanu ndi lolemera ndipo silipyola ma knot 6 kapena 7, ikani servo-pendulum, musunge tiller pilot ya masiku opanda mphepo. Ngati ndi lopepuka lotsetsereka pamafunde, iwalani wind vane, ndalamazo zipite ku autopilot yachiwiri ndi magetsi.

Chilichonse mwa ziwirizi chimalephera ngati matanga sali bwino. Yesani motere: pa mphepo ya ma knot 15, siyani mpini masekondi khumi. Bwato likathamangira kumphepo, thanga lalikulu lachuluka. Lipindeni kaye musanadzudzule chida. Ndipo pafupi ndi gombe, tcherani alamu yolira bwato likapatuka madigiri 20, chifukwa mphepo ikatembenuka inu muli mtulo, wind vane imatembenuka nayo limodzi.